Phiri Linapita pa Malole

Pa siteji ya m'katauni ka mgodi, bambo wina wa suti anatsika basi ndi mwala wa pamanda wokutidwa ndi bulangete. Pomwepo anayamba kucheza ndi mayi amene ankadikira basi yotuluka.

"Mayi, ine ndayenda. Ndege ndakwera mpaka kutopa nazo. Koma phiri ilo sindingaliiwale. Bambo anga anagona patsinde pake, ndipo lero ndikawaikira mwala uwu."

"Phiri liti, achimwene?"

"Lotuwalo. Ndinkadyetsako mbuzi ndili mwana."

"Umenewo ndi mulu wa dothi lotayidwa la mumgodi, ndauona ukukula ngati mwana wanga. Phiri lenileni analikumba, linapita kunja pa malole. Pamene linali patsala dzenje, ana amasambiramo."

"Ndiye kuti maiko onse ndayendawa ndinkangolondola phiri lakwathu lomwe? Nanga manda?"

"Anawasamutsira kuseri kwa sukulu. Kumeneko ndiye kuli anthu. Mgodi utatsekedwa amoyo tinatsala ochepa, moti tikafuna kuoneka ambiri timawerengera ndi mbuzi zomwe."

"Bola mayina analemba."

"Analemba a okhawo amene abale awo anabwera kudzaloza. Inu munabwera?"

"Ndinali kunja, mayi, ndikutchuka."

"Ndiye mukafufuze pamzere wa opanda mayina. Onse ali pamenepo ana awo ndi otchuka."

Bamboyo anakhala pamwala uja n'kumasula tayi.

"Mayi, basi yanu ikachedwa mundiperekezeko. Njira ine ndimadziwa za kwa eni zokha."