Ndinkasaka Kamera Yosaona Bwino

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano. Mtendere wa Ambuye ukupezeni kulikonse kumene muli. Ambiri mwakhala mukufunsa chifukwa chake ndinasowa nthawi yaitali chonchi, ndipo lero ndati ndikuuzeni, ngakhale nkhani yake ikundiwawabe. Nkhope yanga inakhota, ntchito ya kusukulu inanditha, ndipo kantchito kamodzi kamene ndinatsala nako kanali pafupi kundipulumuka chifukwa cha kamera.

Ine ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala pa boma la Mchinji kuchokera pamene malemu amuna anga anatumizidwa kuno pa ntchito. M'mawa ndinkaphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ina ya pulayiveti, ndipo masana ndinkaphunzitsa azungu Chichewa pa intaneti, kudzera ku kampani ina ya ku Lilongwe.

Tsiku lina ndikutsuka mkamwa, madzi anangoyamba kutayika okha mbali imodzi. Nditayang'ana pagalasi, mayo ine! Mbali ya kumanzere yagwa, diso likukana kutseka, pakamwa pakokekera kumanja. Kuchipatala anati si sitiroko, ndi mtsempha wa kumaso umene wafooka, ndipo mwina uchira mwina ayi. Koma anthu sadikira za adokotala. Pofika Lamlungu nkhani inali itafala kale kuti afiti andimenya hamala, ena n'kumati ndinadya za eni. Mayi wina wa m'kwaya mwathu, amene tinkabwerekana mchere, anasuntha pa benchi nditakhala pafupi naye, ngati kukhota nkhope kumapatsirana.

Kusukulu ndikangotembenukira ku bolodi, kumbuyo kalasi yonse yakoka milomo ndi chala kuonetsana mmene ndikuonekera. Ana sindiwaimba mlandu kwenikweni. Amene anandipweteka ndi mwini sukulu. Anandiitana mu ofesi, maso ali pa foni, n'kunena kuti makolo akudandaula kuti ana akulota zoopsa. "Kapumeni kaye, aphunzitsi. Nkhope ikabwerera m'malo mwake mudzatipeza." Mpaka lero sanaimbepo foni ngakhale yongofunsa ngati ndili moyo.

Ndiye ndinatsala ndi ntchito ya pa intaneti ija basi. Nyumba ya lendi, chakudya, magetsi, zonse zinatsamira pamenepo. Laputopu yanga ndi yakalekale, kamera yake imaonetsa munthu ngati ali mu utsi, ndipo aka kanali koyamba kuti ndithokoze Mulungu chifukwa cha chinthu chakutha. Ndinkakhala mofulatira windo kuti nkhope ide, ophunzira azingoona chithunzithunzi. Mawu ngati "mphaka" kapena "bambo" amafuna milomo igwirane bwino, koma ine mpweya unkathawira m'mbali, choncho ndinkakankha tsaya ndi chala kuti mawu amveke. Mu mdima umenewo chalacho sichinkaoneka.

Sipanapite nthawi, abwana anga a ku kampani anandiimbira. Ndi mayi wachitsikana, wolankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Anati wophunzira wina wadandaula kuti sakundiona, ndiye ndigule kamera yapadera yopanikiza pamwamba pa laputopu, ija amati webukamu, apo ayi ophunzira anga apatsidwa kwa aphunzitsi ena. Ndinaona kuti ndikapanda kugula ntchito yatha, ndikagula n'kuoneka yathanso. Ndinapemphera mokalipa, sindikubisirani. Ndinati, Ambuye, Inu mumadzutsa opuwala, kodi tsaya limodzi lokhali lakukanikani? Kutacha ndinathamangira pagalasi. Palibe chinasintha.

Ndinavala masiki n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku boda, kumene kuli mashopu a katundu wochokera ku Chipata. Nzeru yanga inali yoti ndipeze kamera yoti abwana akhutire kuti ndagula, koma yosaona bwino. Tangoganizani, munthu kuyenda ulendo wonsewo kukasaka chinthu choipa.

Mwini shopu anali bambo wa ku Zambia, wansangala ndithu. Anandiyalira makamera pa tebulo. Ina inali yotchipa, yofuna kuwala kwambiri, ndipo munthu akasuntha pang'ono chithunzi chimangoti mbuu. Ina inkatenga chipinda chonse, mpaka bedi ndi zovala zopachika pa msomali. Ina inali yodzisakira yokha nkhope, yoona bwino ngakhale m'nyumba muli kamdima, ili ndi maikolofoni yakeyake.

"Iyi ni yabwino maningi, amai," anatero. "Ionetsa na tsitsi limodzilimodzi. Chosani masiki tiyese."

Ndinatsitsa masiki poganiza kuti ndidziona pa laputopu yake yaing'ono. Sindinadziwe kuti wailumikiza ku TV yaikulu imene imayang'ana kumsewu. Chinandidzidzimutsa ndi phwete la anthu. Pakhonde panali anyamata osintha ndalama ndi a kabaza, ndipo onse ankaona nkhope yanga itakula ngati chitseko, diso lofiira lili tong'o, malovu ali m'mbali mwa mlomo.

"Amayi, mukuseka kapena mukulira? Sankhanipo chimodzi!"

"Tatsinzinani linalo tione!"

Wina wovala jekete yofiira anatulutsa foni n'kuyamba kujambula TV ija. Ndinamupempha kuti, "Achimwene, chonde, ine ndi mayi wanu." Iye anangoti, "Tanenaninso, pamenepo ndiye pakamwa pakuyenda bwino." Mwini shopu anathimitsa TV, koma nayenso ndinaona mapewa akugwedera. Ndinatenga yotchipa ija n'kutuluka. Ndinalira njira yonse, koma diso lodwalalo limatuluka misozi nthawi zonse, ndiye wa kabaza sanaone chachilendo.

Kavidiyo kaja kanayenda pa Watsapu, wina atakaikiranso kanyimbo. Kanafika mpaka pa gulu la amayi a ku tchalitchi, ndipo ena amene ndimawadziwa bwino anaikapo tinkhope toseka. Nditaimbira abwana kuti tiyese kamera yatsopano, sanadikire n'komwe kuti ndikhale bwino pampando. "Musavutike, mayi. Kavidiyo kanu ndakaona kale. Bwanji simunanene? Ife malonda athu ndi nkhope, ndipo mzungu sangalipire kuti aziona zimenezo." Anati ophunzira onse awasamutsa, ndingomaliza phunziro limodzi lomwe linatsala ndi Mayi Helena, poti iwo ndi amene anadandaula, kenako tisiyane.

Mayi Helena ndi mzungu wachikulire wa ku Ulaya. Mwana wawo anakwatira mtsikana wa ku Mkanda, ndipo iwo ankafuna kuti akadzabwera adzathe kucheza ndi asewere awo popanda womasulira. Pa ophunzira anga onse, iwo ndiye anali wochedwa kugwira. Chilichonse ndikanena, yankho lawo linali lakuti, "Bwerezani." Ndinkawalezera mtima, ndinkawaonjezera nthawi, ndiye lero ndi iwowo andichotsetsa ntchito.

Masiku amenewo ndinadzitsekera m'nyumba. Ku tchalitchi ndinasiya, pa msika ndinkapita anthu atachepa, ndipo Mulungu ndinamuuza kuti ine ndi Iye tisalankhulane kaye. Ndinayamba kulongedza ziwiya m'matumba kuti ndizibwerera ku Ntcheu, ngakhale kumeneko kulibenso wondiyembekeza. Ndikanama ndikati chimene chinandidzutsa chinali chikhulupiriro. Unali mkwiyo. Ndinati, mzungu ameneyu akufuna kundiona eti? Chabwino, andione mpaka akhute.

Ndinabwerera ku boda kopanda masiki. Wa jekete yofiira uja analipo, ndipo atangondiona anakuwa kuti, "Eee, otchuka athu aja abweranso!" Ndinamudutsa n'kulowa mu shopu muja. Ndinaika kamera yotchipa pa tebulo n'kunena kuti ndikufuna ija yoonetsa tsitsi limodzilimodzi. Mwini shopu sanandiyang'ane m'maso. Anandisinthira mwakachetechete, n'kundiuza kuti ndiziika molunjika maso anga, ndipo kuwala kuzichokera kutsogolo osati kumbuyo.

Tsiku la phunziro lomaliza ndinatembenuza tebulo, ndinatsekula katani, dzuwa lonse lili kumaso. Nditayatsa kamera ndinadziona ndekha bwinobwino, ndipo ndinatsala pang'ono kuithimitsa. Mayi Helena anatulukira pa laputopu, n'kusendeza nkhope yawo pafupi. Kenako anati, "Muli bwanji, aphunzitsi?" Ndinayankha mouma n'kuyamba phunziro. Tinali pa mawu oti "mphatso", chifukwa ankafuna kudzanyamulira asewere awo zinthu. Ndinakankha tsaya ndi chala monga mwa nthawi zonse n'kutchula mawuwo. Ndikuona, nawonso akweza chala, akankha tsaya lawo, n'kuti, "Mphatso."

Abale, magazi anandiwira. Ndinaona ana a m'kalasi aja, ndinaona anyamata a ku boda. Ndinaiwala kuti ndi wophunzira, ndinawakalipira m'Chichewa chenicheni. "Nanunso? Mayi wamkulu ngati inu, wa imvi? Mwandichotsetsa ntchito, sizinakukwanireni, mpaka mundinyogodole m'nyumba mwanga?"

Mawu onse sanawamve, koma misozi anaiona. Anadabwa, anatsitsa chala chija msangamsanga. Kenako anakweza tsitsi lawo, anachotsa kanthu kakang'ono kuseri kwa khutu n'kukaonetsa pa kamera. Kanali kamakina kothandiza kumva. Anandifotokozera m'Chingerezi pang'onopang'ono kuti makutu awo anatsala pang'ono kufa, ndipo amamva munthu poyang'ana milomo yake. Miyezi yonseyo ankangoganizira zomwe ndikunena mu utsi ndi mdima muja, ndipo ku kampani sananene za makutuwo poopa kuuzidwa kuti akalamba, Chichewa sangachithe. Lero kanali koyamba kuona mmene mawu akutulukira pakamwa panga, ndiye anayesa kuti chalacho ndi mbali ya katchulidwe kake. Za kuchotsedwa kwanga ntchito sankadziwa chilichonse.

Anabwezera kamakina kaja m'khutu, n'kunena m'Chichewa chawo chodukaduka kuti, "Pepani, aphunzitsi. Tsopano ine ndikuona inu. Bwerezani."

Ndinalira mpaka mamina, iwonso akulira uko, kenako tonse tinayamba kuseka, ine ndikuseka mbali imodzi yomweyo. Nditapukuta kumaso ndinasendera pafupi ndi kamera n'kubwereza mawu aja pang'onopang'ono. Anawatchula bwino, kopanda chala, ndipo tsiku limenelo tinaphunzira zambiri kuposa mwezi wathunthu.

Kampani sinandibwezere pa ntchito, musaganize kuti abwana aja anasintha mtima. Anawapatsa Mayi Helena mphunzitsi wina wa nkhope yowongoka, koma iwo anakana, anachokako, n'kundiimbira okha kuti tipitirize. Sanabwere okha. Anauza anzawo a ku mpingo kwawo amene amabwera kuno kudzagwira ntchito zachifundo, ambiri ndi achikulire a makutu ovutavuta, ndipo amafuna mphunzitsi wolankhula mosathamanga, woonetsa pakamwa pafupi. Matenda anandiphunzitsa zimenezo mosafuna. Ziwiya zija ndinazitulutsanso m'matumba.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye pamene ine ndinamunyanyala. Diso langa pano limatseka, koma pakamwa sipanabwerere bwino, ndipo adokotala akuti mwina pakhala chonchi. Kavidiyo kaja kakuyendabe, moti posachedwapa mayi wina mu minibasi anandiyang'anitsitsa n'kugunda mnzake ndi chigongono. Kukhululuka ndikuyesetsa koma sindinafike, ndiye mundipempherere pamenepo.

Inu amene mwadzitsekera m'nyumba chifukwa cha matenda, chilema, kapena pakamwa pa anthu, musasiye kupemphera, ngakhale pemphero lituluke mokalipa ngati langa. Ambuye amamva ndithu, kungoti sayankha mmene ife tawalembera. Ine ndinapempha kuti andiwongole nkhope, ndipo sanaiwongole. Anthu anaiseka, anaijambula, anaichotsa ntchito kawiri, koma ndi nkhope yomweyi imene ikundidyetsa lero. Dzina la Ambuye lilemekezeke.