Aphunzitsi Felton Namaona ndi Mbiri ya Anthu a Creek

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1931 ku Thyolo, ndipo makolo anawatcha Felton Namaona. Mu 1940 mzungu wa esiteti ya tiyi anagwetsa nyumba yawo chifukwa bambo awo anakana thangata. Banja linasamuka wapansi, katundu ali kumutu, kusiya chimanga chikumasula m'munda.

Anaphunzira pasukulu ya mishoni, nayamba uphunzitsi mu 1953. Mu 1956 anamanga banja ndi Mayi Ivy, amene akhala kutsogoloku.

Mu 1961 anapeza mwayi wokaphunzira mbiri yakale ku Oklahoma, m'dziko la Amereka. Kumeneko anasungidwa ndi Mayi Phoebe Harjo, a mtundu wa Creek, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka. Mayiwo anawafotokozera momwe azungu obwera anathamangitsira makolo awo kuwachotsa ku Alabama mu 1836, ataphwanya mapangano amene anasainirana. Momwe ana ndi okalamba anathera m'njira. Ndi momwe otsalawo ananyamulira phulusa la moto wa kwawo kukakolezera moto kumalo achilendo. Malemu ankati tsiku limenelo analira ngati mwana, pakuti anamva nkhani ya kwawo m'kamwa mwa munthu wakutali.

Atabwerera kumudzi ankaiphunzitsa nkhaniyi m'kalasi. Mu 1965 wina anakawanenera kuti akuphiphiritsa zonyoza boma. Anathawira ku Zambia, ndipo mu 1968 anafika kuno ku London. Anakhala kondakitala wa basi zaka zisanu ndi ziwiri asanapeze malo ophunzitsa ku Edmonton, konkuno ku London. Ambirife tinagonapo pabalaza pawo titangofika kumene, ndipo palibe anatulukamo osamva za a Creek. Tinkatsinana, koma tinkamvetsera.

Atapuma pantchito mu 1991 anayamba kulemba mbiriyi pamanja, m'Chichewa, kuti ana a ku Thyolo adzawerenge. Mu 1994, njira ya kumudzi itatseguka, anagula sutikesi yatsopano. Mwezi womwewo anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufa. Mwana wawo Joyce, amene kuyambira ali wamng'ono ankangoyankha m'Chingerezi, anakhala pambali pa bedi zaka ziwiri akulemba zimene bambo ake ankanena, iwo akumuwongolera liwu ndi liwu. Anamaliza bukulo Lachitatu. Loweruka, pa 9 Novembala 1996, anatisiya.

Asiya mayi a kunyumba, ana atatu, Joyce, Killian ndi Mada, komanso zidzukulu zisanu. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, mpingo wathu wa ku Wembley, ndi amayi amene aphikira anamfedwa sabata yonseyi.

Aphunzitsi, ntchito yanu mwaimaliza. Kausani mumtendere.