Galaundi ya a Eneya Zakeyu

Malemu a Eneya Zakeyu anabadwa pa 9 Juni 1968 kuno ku Ludzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Limbani, mng'ono wawo wopondana nawo. Pulayimale anaphunzira konkuno, ndipo mu 1988 anapita ku Lilongwe kukaphunzira zamagetsi. Ali mwana, wailesi ya bambo athu sinkagona yosamasulidwa, ndipo zikwapu zake tinkagawana.

Mu 1994 anamanga ukwati woyera ndi a Esitele a ku Kapondo. Anagwira ntchito ku Lilongwe pa kampani ina yopanga timabolodi ta m'kati mwa mawailesi ndi zokuzira mawu, mpaka mu 2009 pamene anabwerera kudzatsegula shopu pa Boma.

Ntchito yawo ambirife sitinkaimvetsa. Chokuzira mawu chikamalira m'tchalitchi chifukwa foni yayandikira, iwo ankati vuto ndi galaundi, ife n'kumaganiza za mpira. Komatu ankanena mkuwa. Popanga bolodi, ena amachotsa mkuwa wonse wotsala kunja n'kusiya tinjira ta magetsi tokha. Iwo ayi. Ankausiya mbali zonse ziwiri n'kuulumikiza, kuti uzimeza phokoso lochokera kunja lisanasokoneze mawu.

Mu 2021 alamu anga a Esitele anadwala malungo aakulu, makutu n'kugontha. Achimwene, munthu wofatsa uja, anayamba kukuwa m'nyumba mwawo momwe kuti akazi awo amve, mpaka ena mwa inu kumafalitsa kuti banja lija latha ndi ndewu. Munawalakwira, ndipo zinkawapweteka. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuyankhulanso ndi akazi awo motsitsa, ngati kale.

Mu 2023 anawapangira kachipangizo kokuza mawu, kovala kukhutu. Kanakanika. Kabolodi kake anakachepetsa kwambiri moti mkuwa uja unasowa malo, ndiye kankatola chilichonse: kulira kwa mafoni, ngakhale wailesi ya ku Zambia. Alamu ankakavula mutu ukuwawa. Achimwene anayambanso kena, ka galaundi yokwanira.

Mu Ogasiti 2024 anawapeza ndi khansa ya kummero. Mawu anayamba kuzilala, ndipo ngakhale kukuwa kuja sanakuthenso. Taganizani, abale anga: mwamuna akunong'ona, mkazi akungoyang'ana milomo. Kabolodi katsopano kaja anapita nako ku chipatala cha pa Boma kuti akamalizire komweko. Anatisiya Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, kutatsala kulumikiza timawaya tiwiri tokha.

Dzulo m'mawa mwana wawo woyamba, Benedicta, amene ankagwira nawo ntchito m'shopu, anamaliza kulumikiza. Kakugwira ntchito. Mafoni adzaza pano, koma sikakulira ayi. Mayo ine! Mawu oyamba amene alamu amva bwinobwino chigonthereni ndi nyimbo za maliro a amuna awo.

Malemu asiya akazi awo a Esitele, ana atatu, Benedicta, Vitus ndi Natasha, komanso zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, akhristu a mphakati wathu, adzukulu okumba manda, amayi ophika ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa.

Achimwene, mbiri yanu yonseyi ndaiwerenga osakuwa, ndipo alamu aimva. Mzimu wanu uuse mumtendere.