Chipewa Chofiira Pakati pa Obiriwira

Pa siteji ya basi ku Towcester ku England, m'mawa wa mpikisano wa magalimoto, bambo wina wachikulire wovala jekete yobiriwira ankangotembenuza chipewa chofiira m'manja, osachivala. Mayi amene anaima pambali pake analephera kupirira.

“Bambo, jekete ya timu ina, chipewa cha timu ina. Mwatani?”

“Dalaivala wanga Halvik wasamukira kwa ofiira, mayi.”

“Uja wathamangira mapaundi mamiliyoni makumi anayi?”

“Ndalama anali nazo kale. Zaka zitatu mabwana a timu akumuuza pa wailesi ya m'galimoto kuti, ‘Mpatse njira mnzako Crewe.’ Inu mukanakhala?”

“Ndiye mtsatireni. Chovuta n'chiyani?”

“Mkazi wanga Maureen amachemerera Crewe. Zaka zonsezi takhala pa mipando yoyandikana kumbali ya obiriwira. Iye akunyoza wanga, ine ndikunyoza wake, tiyi tikumwera m'fulasiki imodzi.”

“Lero mukakhala kwa ofiira?”

“Ndikakangane ndi ndani kumeneko? Onse akandivomereza. Ndikhoza kugona.”

“Ndiye bisani chipewacho m'thumba.”

“Ndimkane mnyamata wanga chifukwa wasintha utoto? Ayi. Ndikachivala pomwepo, pambali pa Maureen.”

“Pakati pa obiriwira zikwizikwi? Akakudyani wamoyo, bambo inu!”

“Nanenso ndinamuuza choncho. Mukudziwa anandiyankha chiyani?”

“Anati chiyani?”

“Akuti, ‘Vala, Desmond. Amene akakunyoze akaonana ndi ine. Kukunyoza iweyo ndi ntchito yanga, ndipo sindinalembe wondithandiza.’”