Mapeyala a m'malire

Zaka zija, ana inu, phiri la Ndirande litangometedwa mpala, kuno kunali mbee, fumbi lokhalokha, ndipo munthu ukafuna mthunzi umakaima kuseri kwa bafa. Si monga lero mukudina mafoni pansi pa mitengo ayi.

Ndiye kunabwera a khonsolo ya mzinda pamodzi ndi bungwe lina, lole itadzaza mbande, n'kumati aliyense atenge zaulere akadzale pa puloti pake. Anzanga ankaganiza za zipatso, koma ine, mukundidziwa, mutu unathamangira kwina. Kumtunda kwa nyumba yanga kunkakhala mayi Nasibeko, amasiye, ndipo malire athu anali ongolozerana ndi chala. Ndinati pamene pamere mtengo, malire ndi pomwepo. Ndinatenga mapeyala asanu, n'kuwadzala mkati mwa puloti yawo iwo ali ku tchalitchi.

Atabwera anaima, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"A Malunga, ulimi mwauyamba liti?"

"Chitukuko, mayi."

"Chabwino, muzithirira. Ine miyendo yanga mukuidziwa."

Ndinathirira, anthuni! Zaka zitatu, chigubu pamutu kuchokera kumpopi, ine amene sindinasamalepo ngakhale duwa, ndipo mbuzi za eni ake zinkandiopa ngati wapolisi.

Tsiku lina a khonsolo anabwera kudzaona mitengo imene inapulumuka. Mayi aja anatuluka ndi khasu, n'kufukula bikoni, kachipilala ka simenti kosonyeza malire, kamene kanakwiririka ndi dothi kalekale. Mapeyala onse anali mbali yawo.

"Lembani kuti mitengo ndi yanga," anatero, "koma wantchito wanga ndi uyu."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ine ndinatha sabata osatuluka m'nyumba.

Koma chaka cha mvula yoopsa ija, matope atatsika m'phiri n'kugwetsa nyumba za anzathu, mizu ya mapeyala aja inagwira dothi kumtunda kwanga, ndipo khoma langa silinang'aluke n'komwe. Mvula itangokata, mayi Nasibeko anatsetsereka ndi ndodo yawo, ali chinyowere.

"Akuba inu, muli moyo?"

Ndinagwada m'matope momwemo.

Ndiye mukamva kuti akugawa mbande, pitani mukatenge, ana anga, koma musanakumbe dzenje muyambe mwaodira kwa aneba. Ine ndinadzala ndi mtima wakuba, Mulungu anangondimvera chisoni, ndipo sindikudziwa ngati amachita zimenezo kawiri.