Lamba Wolira pa Geti Lobiriwira

Galimoto yanga ndi yakale, ndipo lamba wake amalira. Ndikunena lamba uja amazunguza olitaneta, chipangizo chotchaja batire. M'mawa injini isanatenthe amangoti tswiii, makamaka ndikamakhota pa geti lobiriwira la mayi telala, pakona ya msewu wathu. Mayiwo akamva kulirako amatuluka ndi chikwama chawo cha nsalu, ine n'kuwatsegulira chitseko, n'kukawasiya kumsika kumene amasokera. Sitinapanganepo. Sindinaimbepo hutala, sindinagogodepo. Mwamuna wofedwa mkazi akayamba kuimba hutala pageti la mayi wokhala yekha, msewu wonse umadziwa tanthauzo lake. Koma lamba ndi lamba. Palibe angamunene miseche.

Loweruka m'mawa anatulukira akamwini anga, atanyamula lamba watsopano ndi bokosi la masipanala. Ndi munthu wabwino, koma ukawatuma kuti akaone ngati mpopi watsala wotsegula, amakauona, n'kubwera kudzakuuza kuti eya, ndi wotsegula. Anati mwana wanga wawatuma, ndipo wawauza kuti asabwerere kunyumba lamba asanasiye kulira.

Ndinati galimoto ili bwino. Anavomera kuti ili bwino, n'kutsegula boneti.

Anadinikiza lamba wakaleyo ndi chala chachikulu pakati pa mapule, timawilo timene lamba amazungulirapo. Lambayo analowa ngati mimba ya munthu wogona ndi njala. Anandionetsa ming'alu ya m'kati mwake. Anati akuterera, batire silikutchajika mokwanira, ndipo tsiku lina adzaduka ndili pakati pa msewu. Ndinati anthu anayamba kalekale kunena kuti aduka, ena mwa iwo tinawaika m'manda, lamba adakalipo.

Sizinawagwire. Ndinayesa njira ina. Ndinati lamba ameneyo anaikidwa malemu mayi a m'nyumba muno akadali moyo. Zinali zoona. Akamwini anavula kapu. Kenako anamasula mabawuti a olitaneta mwaulemu waukulu, anaikankhira m'kati, n'kuvula lambayo ndi manja awiri.

"Ndimupukuta bwinobwino, bambo. Tikamupachike pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha amayi."

"Lamba wa galimoto. Pabalaza."

"Kapena kuchipinda, ngati mukufuna azikhala pafupi nanu."

Ndinati amuike pansi. Anamuyalira nyuzipepala kuti asade.

Ndinati watsopanoyo akuoneka wamfupi. Anawagundaniza awiriwo, anali ofanana. Ndinati ndiye kuti ndi wautali. Anawagundanizanso, poti ndine ndanena.

Atamukoleka m'mapule, analowetsa chitsulo chovulira matayala kuseli kwa olitaneta, n'kundipempha kuti ndizikoka iwo akamamanga mabawuti. Chitsulo ndinachigwira. Kukoka ndiye sindinakoke kwenikweni. Anamanga, anadinikiza ndi chala, lamba n'kulowa ngati wakale uja. Anandiyang'ana ndi maso achisoni.

"Mkonowu wayamba liti, bambo?"

"Mkono uli bwino."

"Pepanitu. Munthu wa mkono wofooka chonchi chiwongolero sichimuyenera. Ndikawauza kunyumba, makiyi tikasunge ife. Ndizibwera ndekha kudzakutengani."

"Masulani mabawutiwo."

Anamasula. Ndinakoka mpaka galimoto yonse inagwedezeka. Lamba anauma gwa, ngati nsambo ya gitala. Akamwini anasangalala kuti mkono wachira msanga, koma anati tsopano ndaonjeza. Lamba wolimba kwambiri amapha mabeyaring'i, timipira tachitsulo ta m'kati mwa olitaneta, ndiye afunika kumukhwefula pang'ono. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo ndinagwirizana nawo. Anakhwefula pang'onopang'ono uku akudinikiza, mpaka lamba anayamba kulowa mlingo wa kunenepa kwa chala. Pomwepo anaima, n'kumanga.

"Onjezerani," ndinatero.

"Akapitirira apa alira, bambo."

"Alire pang'ono."

"Pang'ono pake potani?"

"Poti munthu amene ali m'nyumba amve."

Anayang'ana nyumba yanga, n'kundiyang'ana ine.

"Munthu wake uti? M'nyumbamu mumakhala nokha. Ndiponso lamba akamalira inuyo mumakhala muli m'galimoto."

Ndinati ndikunena ana osewera mumsewu, amamva kulirako n'kupatuka. Anati hutala ilipo, n'kuiimba kuti ndimve kuti ikugwira. Agalu a msewu wonse anayankha. Ndinati palinso nkhuku za aneba, zinazolowera kudzuka ndi lambayo. Anati akalankhula ndi eni ake nkhukuzo, mwina tambala wawo akudwala. Ndinati galimoto yopanda phokoso sindingaizindikire pamalo oimika magalimoto. Anandiwerengera nambala yake pamtima, n'kunena kuti akhoza kundilembera padzanja.

Analiza injini. Inangoti ndiii, ngati galimoto ya munthu wina. Anati tiiyese, ndipo tinayenda mpaka pakona, iwo akuyendetsa. Tinakhota pa geti lobiriwira. Katani ya pawindo sinagwedezeke n'komwe. Tinakhotanso pobwerera. Chimodzimodzi.

Titafika ndinafunsa ngati lamba watsopano satamuka akayenda masiku angapo. Anati amatamukadi. Mtima unakhala pansi pang'ono. Anapitiriza kuti n'chifukwa chake abweranso Loweruka likudzali kudzamumangitsa, asanapeze mpata wolira.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Iwo anayamba kupukuta masipanala imodziimodzi, n'kumaibwezera m'malo mwake. Anati akondwa kuti ntchito yatha, amene anawatuma akasangalala onse awiri.

"Awiri?"

Anati eya, mwana wanga ndi mayi telala a geti lobiriwira aja. Mwana wanga anapita kukayezetsa diresi, iwo atamuperekeza, ndipo ndi mayiwo anayambitsa nkhani ya lamba. Ndinafunsa ngati anati phokoso likuwasokosa.

"Ayi. Anati atopa kuitanidwa ndi lamba ngati nkhuku yoitanidwa ku chakudya. Anati lambayo akakhala chete, mwina mwini wake aphunzira kutsika m'galimoto n'kugogoda pachitseko ngati munthu."

Akamwini anapitiriza uku akutseka bokosi lija.

"Ine ndinaganiza kuti chitseko chawocho chili ndi vuto, poti chikufuna kugogodedwa. Ndinati ndipite ndi zipangizo ndikachione. Anati ndisayerekeze n'komwe, chili ndi mwini wake wochigogoda. Kenako onse awiri anaseka. Mpaka pano sindikudziwa chimene anaseka."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Zinkafunika polishi. Ndinaganizanso za jekete lija lili m'kabati, ngati lingandikwanebe. Akamwini ataona kuti ndangoweramira pansi, anaganiza kuti andilakwira. Anatsegulanso bokosi lija, n'kutulutsa sipanala. Anati sangalole kuti apongozi awo akhale osakondwa chifukwa cha lamba. Amukhwefula alire monga kale, kunyumba akaona okha chonena, ngakhale akagone panja.

Anawerama pa injini, sipanala n'kuikoleka pa bawuti.

"Chotsanipo dzanja pamenepo, akamwini," ndinatero. "Munaionapo kuti galimoto ya munthu wamkulu ikuyenda ndi lamba wolira?"