Maliveti Ofewa pa Phiko la Kumanzere

Ine, wodziwika ndi dzina loti Achoko, wa zaka 57, mphunzitsi wa sayansi, wokhala m'nyumba yachitatu kuseri kwa sekondale, ndikunena izi:

Alamu anga, amuna a mchemwali wanga, ndi makaniko. Kwa zaka zinayi akhala akupanga ndege ya mipando iwiri m'galaja yawo. Ndimawathandiza kulumikiza malata a aluminiyamu ndi timisomali totchedwa maliveti. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Iwo amakhoma kunja ndi mfuti ya mphepo, ine ndimapisa dzanja m'kati mwa phiko ndi kutsamiza chitsulo cholemera kuti nsonga ya liveti iphwatalale. Maliveti a ndege ndi olimba ndipo ali ndi kadontho kolowa pamutu. Opanda kadontho ndi ofewa, ngati omangira zogwirira za mapoto.

Loweruka lapitali, cha m'ma 2 koloko masana, tinkakhoma mzere wogwira malata ku msana wa phiko la kumanzere. Liveti yolimba imafuna kuti mfuti ilire masekondi atatu. Awa ankaphwatalala mfuti itangoyamba. Ndinatenga imodzi m'chitini. Inalibe kadontho.

Ndinati, "Alamu, awa mwawatenga kuti?" Iwo anaseka, nati, "Enieni atha, abwera mwezi wamawa. Achoko, muno si m'kalasi, gwirani chitsulo." Ndinakana. Anaitana mchemwali wanga, ndipo iye ndi amene anagwira chitsulocho. Atamaliza ndinazunguliza ndi cholembera chofiira maliveti 46, kuti aboolenso n'kuika enieni.

Lachitatu ndinapeza phiko lonse atalipaka penti yoyera. Zizindikiro zanga sizinkaonekanso. Ndinawafunsa alamu ngati anasintha maliveti aja. Anangopitiriza ntchito yawo.

Dzulo masana mchemwali wanga anandiimbira foni. Anati, "Achimwene, Loweruka ndidutsa pamwamba pa nyumba yanu, muanule zovala." Ndinamufotokozera za kadontho. Anati amuna ake amadziwa ntchito yawo.

Lero Lachisanu, 7 koloko m'mawa, ndinapita kukawaletsanso. Galaja inali yotsegula, ndege mulibe. Mayi woyandikana nawo anati lole yonyamula ndegeyo inanyamuka 6 koloko, onse awiri ali momwemo, ndipo alamu anamuuza kuti mawa kukhala mphepo, auluka lero. Bwalo la ndege lomwe alamu amatchula lili pa mtunda wa makilomita 30. Mafoni awo onse ndi ozimitsa. Pano nthawi yakwana 8 koloko.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Siginecha ya mboni: ____________________